Makadi 150 amene anandidyera mbewu ya nyemba

A mlembi anandipempha kuti ndiyambe ndalemba zimene ndikufuna kunena kuti zisatayike, ndiye mundikhululukire ndikamayang'anayang'ana papepala. Sukulu ndinalekera kalasi 7, ndipo dzanja langali linazolowera khasu kuposa cholembera.

Ambiri mumandidziwa ngati mlimi wa nyemba ndi mbatata ya kachewere, ija kuno ku Lichinga timati batata reno. Koma mwezi watha, nditabweretsa khadi loti kalabu ithokozere aulutsi a pulogalamu ya ulimi, ena munandifunsa kuti ndinaligula kusitolo iti. Sindinagule ayi. Ndinapanga ndekha kunyumba, pathebulo lomwe timadyerapo nsima. Chithunzi cha chimanga chija ndinachidinda ndi chidindo chosema ndekha, kenaka ndinachipaka utoto ndi mapeni a spiriti. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene ntchitoyi imayendera, koma makamaka mmene inandigwetsera, kuti wina mwa inu akafuna kuyamba asagwere m'dzenje lomwe ndinagweramo ine.

Mmene mapeniwo anafikira kwathu

Mu December 2021 alamu anga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg anabwera kudzaona abale. M'chikwama chawo munali kathumba ka mapeni akale 14, kabokosi kakang'ono ka inki yakuda yodindira, ndi zidindo ziwiri za labala za maluwa. Anati abwana awo aakazi amapanga makadi ngati chosangalatsa, ndipo izi anafuna kuzitaya. Alamu anati, “Alamu, paja inu munkajambula kusukulu. Tengani, mwina ana azisewera nazo.”

Ana sanazione n'komwe. Nditangovundukula peni imodzi ndinamva fungo ngati la spiriti wa kuchipatala. Mapeniwa ali ndi mitu iwiri, wina wosongoka wofewa ngati burashi, wina wophwatalala. Ena anali olembedwa Copic. Mwana wa achimwene anga anandifufuzira pafoni n'kundiuza kuti amenewa amapangidwa ku Japan kuyambira 1987, ndipo mitundu yake ilipo 358. Ine ndinaseka, ndinati mitundu 358 yonseyo munthu n'kuichita chiyani, poti munda wanga wonse uli ndi mitundu yosakwana khumi? Musade nkhawa ndi dzinalo, chifukwa ndi odula kwambiri. Alipo ena otchipa ochokera ku China, ndipo ngakhale marcador permanente amene timagula ku papelaria kuti tilembere pamatumba ndi wa mtundu womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu mitundu yake ndi yochepa ndiponso yakuda kwambiri.

Ndinayamba kuyeserera madzulo ndikaweruka kumunda. Ndinkadinda duwa ndi inki yakuda ija, n'kupaka utoto mkati mwake. Zinkatuluka zokongola moti mayi a kunyumba anakhoma ziwiri pakhoma. Nthawi yozizira itafika, ntchito ya kumunda itachepa, ndinasema chidindo changachanga cha nkhunda ziwiri zitanyamula duwa.

Oda yoyamba

Mu July 2022 bambo wina wa kutchalitchi kwathu, munthu wamkulu amene ndimamulemekeza, anali kukwatitsa mwana wake. Anaona khadi la nkhunda lija n'kunena kuti akufuna makadi 150 oitanira anthu, ofanana ndendende ndi limenelo. Tinagwirizana mametikali 20 khadi limodzi, zonse pamodzi 3,000, ndipo anandipatsiratu theka. Abale anga, tsiku limenelo ndinayenda ngati mwini fakitale.

Ndinapita m'tauni n'kugula mapepala olimba aja timati cartolina okwana 20. Pepala limodzi ndimadulamo makadi 8 opinda pakati. Vuto linali lakuti kabokosi ka inki yakuda kaja kanali katauma, kanathera pa khadi lachitsanzo. Ndiye ndinagula inki ya carimbo, yapepo ija amadindira makalata m'maofesi. Mumtima ndinati inki ndi inki basi. Sindinafunse munthu, ndipo sindinayese ngakhale pakapepala kamodzi. Ndalama zotsala zinalowa m'nyumba monga mukudziwira: sopo, shuga, makope a ana.

Lachiwiri lonse ndinadinda. Makadi onse 150, mayi akundithandiza kuwayala pamphasa. Anaoneka bwino kwambiri. Lachitatu madzulo ndinatenga peni yapinki kuti ndipake duwa loyamba. Peni itangokhudza mzere, mzerewo unasungunuka. Utoto wapepo unayenderera m'duwa, n'kulowa m'nkhunda, ndipo mutu wa peni yanga unada. Ndinati mwina inki sinaume chifukwa cha kuzizira, pajatu July wa kuno si wamasewera. Ndinawasiya usiku wonse, m'mawa n'kuwaika padzuwa. Ndinayesanso, zomwezo. Ndinayesa lachitatu, lachinayi, mpaka ndinawononga makadi 11 chifukwa cha makani. Nkhunda zanga zinkaoneka ngati zagwera m'botolo la mankhwala a GV.

Mayi anandiyang'ana n'kunena kuti, “Bambo, lekani. Pepala silikumva makani anu.” Apa n'kuti kwatsala masiku 6 kuti makadi ayambe kugawidwa, ndalama za eni ake ndadya, ndipo m'thumba mulibe kanthu.

Usiku umenewo sindinagone. Si ndalama zokha zimene zinkandiwawa. Munthu uja anandikhulupirira, anasiya makina osindikizira a m'tauni n'kubwera kwa ine mlimi. Ndikanapita kukamuuza chiyani? M'nyumba munali ndowa ziwiri za nyemba zimene tinasankha bwino n'kusunga kuti ikhale mbewu. M'mawa mwake ndinanyamula imodzi panjinga n'kukagulitsa kumsika wa Chiuaula. Inali nthawi imene nyemba zili mbwee, mtengo uli pansi, ndipo wogula akaona nkhope ya munthu wopanikizika sakwezanso mtengo. Ndinagula cartolina wina. Koma funso linali likadalipo: ndidinda ndi chiyani?

Zimene anandionetsa agogo a pafupi nafe

Pafupi ndi kwathu pali agogo ena achisilamu, Myao wachikulire amene kale ankaphunzitsa ana kumadrasa. Anandipeza nditakhala pakhonde nditagwira tsaya, makadi owonongeka ali pansi. Nditawafotokozera anati, “Mwana wanga, ife tili ana sitinkagula inki. Tinkalemba pamatabwa ndi inki ya mwaye ndi utomoni. Bwera nayo spiriti yakoyo tione ngati ingaigonjetse.”

Anatenga mbale yachitsulo n'kuigwira pamwamba pa lawi la koloboyi mpaka kunsi kwake kunada bii. Anapala mwayewo, n'kuusakaniza ndi utomoni wa mthethe umene anausungunula m'madzi ofunda. Tinalemba mizere iwiri papepala, wina ndi inki yapepo ija, wina ndi inki ya agogo. Itauma ndinadonthezera spiriti pa yonse iwiri. Wapepo unathamanga nthawi yomweyo. Wa mwaye unangokhala phee, osasuntha. Kenaka agogo ananyowetsa chala m'madzi n'kukhudza wa mwaye uja, ndipo unafufutika. Anaseka n'kunena kuti, “Waona? Inki iliyonse ili ndi chimene imaopa. Yangayi imaopa madzi, spiriti siimuopa. Uziyamba wafunsa.”

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse, ndipo amene akulemba alembe pamenepa. Mu inki iliyonse muli zinthu ziwiri: utoto, ndi chamadzimadzi chimene chimanyamula utotowo kupita nawo papepala. Chonyamulacho chikauma, utoto umatsala. Mu inki zina chonyamula ndi madzi, mu zina ndi spiriti. M'mapeni athuwa ndi spiriti. Ndiye peni ikadutsa pamzere umene utoto wake umasungunuka mu spiriti, imaudzutsa n'kuyenda nawo. Inki yapepo ya m'maofesi imene ndinagula ija imasungunuka m'madzi ndi mu spiriti momwe, monga amachitira GV. Ngakhale ikanauma mwezi wathunthu, ikanayendererabe. Inki ya bolopeni nayonso imasungunuka mu spiriti, n'chifukwa chake amayi amachotsera spiriti ikadetsa thumba la malaya a sukulu. Koma mwaye susungunuka m'chilichonse, ndi fumbi chabe, ndipo utomoni umene umaumata papepala susungunuka mu spiriti.

Ndi inki ya agogo ija ndinadinda makadi atsopano. Ulendo uno ndinadinda limodzi lokha, n'kudikira liume, n'kulipaka utoto mpaka kumaliza. Nditaona kuti zili bwino m'pamene ndinadinda enawo. Tinagwira ntchito masiku anayi, ine, mayi ndi mwana wa achimwene, ndipo makadi anaperekedwa pa tsiku lake. Mwini ukwati mpaka lero sadziwa zimene zinachitika, kupatula ngati awerenga kapepala kano.

Koma nkhani sinathere pamenepo. Theka lotsala la ndalama linabwera pang'onopang'ono ukwati utatha, n'kumathera m'zofunika za m'nyumba. Pofika nthawi yodzala, ndowa imene ndinagulitsa motchipa ija inali itakwera mtengo moti sindikanatha kuigulanso. Ndinachita kupita kwa apongozi anga kukabwereka mbewu. Amuna anzanga muli pano mukudziwa kulemera kwa ulendo umenewo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula la ndowa yathunthu.

Kusema chidindo

Tsopano ndinene mmene mungayambire. Chidindo simusowa kugula. Labala wamkulu wofufutira wa ana a sukulu ndiye wabwino koposa kwa woyamba, chifukwa ndi wofewa. Patapata wakale wosalala amagwiranso ntchito pazithunzi zikuluzikulu, ndipo chubu cha galimoto mungachidule n'kuchimata pakathabwa. Mbatata ya kachewere imasemeka mosavuta, koma ili ndi madzi ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri imafota. Imeneyo n'njophunzitsira ana, osati ya oda.

Jambulani chithunzi papepala ndi pensulo, modinikiza. Kenaka vundikirani pepalalo palabala n'kutikita kumbuyo kwake ndi chikhadabo. Chithunzi chimasamukira palabala chili chotembenuka, ndipo m'mene chiyenera kukhalira. Ine poyamba sindinkadziwa, ndinasema mawu akuti ZIKOMO molunjika, ndipo podinda anatuluka chafutambuyo, owerengeka pagalasi pokha. Semani ndi lezala kapena kampeni kakuthwa, kuchotsa malo onse opanda mzere. Mizere ikhale yoonda koma yosaduka, ndipo pakati pake pakhale malo otakasuka oti mulowe utoto, monga timasiyira mpata pakati pa mizere ya m'munda.

Inki ya mwaye pangani pang'ono, ya masiku awiri kapena atatu, chifukwa ikakhalitsa imachita nkhungu. Utomoni muuviike usiku wonse, n'kuusefa pakansalu kuti muchoke zinyalala. Ikhale yolimba ngati phala la mwana. Ikachepa utomoni, mwaye umayoyoka mukaukhudza. Ikachuluka, imanyezimira ndi kumata. Podindira pake ine ndimadula kachidutswa ka bulangete lakale n'kukaika m'chivundikiro cha chitini cha polishi. Amene sakufuna za mwaye angayese utoto wakuda wa ana a sukulu uja amati guache, poti nawonso ndi wa madzi ndi utomoni. Ena amajambula chithunzi chimodzi n'kukachita fotokope, ndipo nthawi zambiri mizere ya fotokope imapirira spiriti. Koma chilichonse chimene mwasankha, yesani kaye.

Ilipo njira inanso imene ndinaitulukira mochedwa. Ngati muli ndi inki ya m'maofesi yokha, tembenuzani ntchito: yambani kupaka utoto pamalo pamene padzakhale duwa, udikireni uume, ndipo mudinde pamwamba pake pomaliza. Utoto sugwera ndendende m'mizere, koma inki siyenderera chifukwa peni sidutsanso pamenepo.

Kupaka utoto

Ubwino wa mapeni a spiriti ndi wakuti amauma msanga ndipo safufumitsa pepala monga umachitira utoto wa madzi. Ubwino wina ndi womwe uja unandipweteka: spiriti amadzutsa utoto umene wapakidwa kale, choncho mitundu iwiri imatha kulowana bwinobwino popanda malire oonekera.

Musanayambe, ganizani kuti dzuwa likuchokera mbali iti ya chithunzi. Mbali imeneyo ikhale yowala, mbali inayo yamthunzi. Yambani ndi mtundu wowala, mupake tsamba lonse. Kenaka tengani woderapo mupake kumthunzi kokha. Usanaume, bwererani ndi wowala uja n'kudutsa pamene mitundu iwiriyo yakumana, mozungulizazunguliza. Mukatero malire amasowa ndipo tsamba limaoneka lamoyo. Musayambe ndi wakuda, chifukwa wowala sungathe kuuphimba. Pakani tsamba limodzi n'kumaliza musanapite pa lina. Mukapaka duwa lonse nthawi imodzi, pobwerera mupeza pauma kale.

Musafike ndi peni pamzere penipeni. Utotowu umayenda wokha pang'ono m'pepala, ndiye lekezani patali ngati kukula kwa njere ya mapira, udzafika wokha. Siyaninso kamalo kakang'ono koyera posapaka, monga padiso la nsomba kapena pamsana pa njere ya chimanga, kuti pazioneka ngati pakunyezimira. Ndipo dziwani kuti utotowu umabowola pepala n'kuonekera kuseri. Muziyala pepala lotha ntchito pansi, ndipo mawu oitanira anthu muwalembe pakapepala kena kopyapyala koti mumate mkati. Makadi anga owonongeka aja sanatayidwe ayi, mayi anawatembenuza n'kupanga maenvelopu.

Mitundu yambiri si yofunika. Ndi wachikasu, wofiira, wobiriwira wowala, wobiriwira wodera, wabuluu ndi wabulawuni mutha kugwira ntchito chaka chonse. Mukapaka kawiri pamalo amodzi ndi peni yomweyo, mtundu umadera, ndiye peni imodzi imakupatsani mitundu iwiri. Amene muli ndi marcador wamba, pakani pang'ono pambale yadothi yosalala kapena papulasitiki, donthezanipo spiriti, n'kutapa ndi kathonje kokulunga kukamtengo. Mupeza mtundu wowala umene sitolo sigulitsa.

Peni muzitseka nthawi yomweyo mukamaliza, ngakhale mukungopita kukamwa madzi, ndipo muzisunga chogoneka kuti mitu yonse iwiri izikhala yonyowa. Ikayamba kuuma, madontho ochepa a spiriti woyera wa ku farmácia amaidzutsa, ngakhale mtundu umatumbuluka pang'ono. Funsani wa 96, chifukwa wa 70 ali ndi madzi ambiri. Ndikuona abambo ena kumbuyoko akumwetulira. Ayi, kachasu sagwira ntchito imeneyi, madzi ake ndi ochuluka ndipo khadi la ukwati wa kutchalitchi lingamanunkhe zina.

Nyengo ya kuno muziiganiziranso. Mzinda wathu uli pamtunda wopitirira mamita 1,300, ndipo mu June ndi July inki ya madzi imachedwa kuuma. Dindani m'mawa, mupake mawa lake. Nthawi ya mvula pepala limakoka chinyezi, ndiye muzilisunga m'thumba la pulasitiki. Khadi la inki ya mwaye lisanyowe, ndipo musaligwire ndi manja a thukuta. Utoto wa mapeniwa nawo umafwifwa padzuwa, choncho pogulitsa musayale makadi onse pamtetete. Onetsani awiri atatu, ena akhale m'bokosi.

Chenjezo

Spiriti ndi moto sizionana. Nthawi yozizira timakonda kutseka zitseko n'kuyandikira mbaula, ndipo ena timagwira ntchito ndi koloboyi kapena kandulo. Botolo la spiriti likhale kutali ndi zimenezi, lotseka, ndipo zenera likhale lotsegula pang'ono kuti mutu usawawe. Mwaye pangirani panja, nthawi ina, spiriti mutamubisa. Spiriti wapepo wa m'masitolo amamuthira mankhwala dala kuti asamwedwe, ndipo ena mwa mankhwalawo amachititsa khungu ngakhale kupha kumene. Ana asamufikire, pamodzi ndi malezala osemera.

Kodi zimapindulitsa?

Wachinyamata wina anandifunsa kuti masiku ano a WhatsApp ndani angafune khadi la pepala. Funso labwino. Koma taganizani, kodi mungaitane amfumu, ankhoswe kapena a shehe ku ukwati ndi uthenga wa pafoni? Agogo athu ambiri alibe mafoni a zithunzi. Khadi ndi ulemu, limafika ndi munthu pakhomo, ndipo ena amalisunga m'Baibulo kapena pakhoma zaka ndi zaka. N'chimodzimodzi ndi wailesi. Tonse tili ndi mafoni, koma dzina lako likatchulidwa pa Rádio Moçambique kapena pa Rádio Esperança m'chinenero chako, mtima umakoma mwina.

Makina a m'tauni sindingapikisane nawo pa liwiro. Chimene ndimawaposa ndi chakuti makadi anga ali ndi zinthu za kwathu: chambo ndi bwato la ku Metangula, chitsononkho cha chimanga, mtengo wa paini, mayi wovala capulana wa khungu ngati lathu. Mawu ndimalemba m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chipwitikizi, monga wafunira mwini wake. Anansi athu achisilamu ambiri safuna zithunzi za anthu kapena nyama, ndiye pa Idi ndimawapangira a mwezi, nyenyezi ndi maluwa. Muzifunsa musanaseme.

Masiku ogulitsa amadziwika. Pa 7 April, tsiku la amayi a dziko lino, limene timakumbukira Josina Machel amene anamwalira pa tsikuli mu 1971. Pa 1 June, tsiku la ana. Pa 23 September, tsiku la mzinda wathu, poti m'pamene unakwezedwa kukhala mzinda mu 1962, ukutchedwabe Vila Cabral. Pa 12 October, tsiku la aphunzitsi, ana amagula kwambiri makadi otchipa. Ndiye Khirisimasi, Idi, ndi maukwati a nthawi yokolola ikatha. Mwayi wake ndi wakuti masiku ambiri mwa amenewa amagwa pamene kumunda kulibe ntchito yothina.

Sindikunamizani kuti mudzalemera nazo. Ine zimandigulira makope, sopo, nthawi zina thumba la feteleza likaperewera ndalama pang'ono. Munda ndiwo umatidyetsa. Koma malamulo atatu ndinadziikira chichokereni 2022. Loyamba, ndalama ya chikole ndi ya mwini oda mpaka makadi ataperekedwa, sindigulira shuga. Lachiwiri, ndimagula mapepala oonjezera, pa khumi alionse limodzi lapadera. Lachitatu, ndipo lalikulu, ndikasintha chinthu chimodzi chokha, kaya inki, kaya pepala, kaya peni, ndimapanga khadi limodzi mpaka kumaliza ndisanakhudze ena onse.

Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti lamulo lachitatuli ndinkalidziwa kale. Alangizi a zaulimi akhala akunena pawailesi kuti tisanadzale tizitenga njere zowerengeka n'kuziika pansalu yonyowa kuti tione ngati zimera. Kumunda ndimachita chaka chilichonse. Koma pathebulo ndinaiwala, chifukwa cha changu ndi kukoma kwa ndalama ya m'manja.

Pomaliza, a pampando, ndili ndi pempho. Ngati kalabu ivomera, pamsonkhano wa mwezi wamawa aliyense wofuna abwere ndi labala mmodzi, pensulo ndi lezala watsopano. Ine ndibweretsa mapeni, inki ya mwaye ndi zidutswa za cartolina. Tidzaseme chidindo cha kalabu yathu, kuti makalata amene timatumiza kuwailesi ndi kwa makalabu anzathu azidziwika kuti achokera kuno. Agogo aja ndinawapempha, ndipo avomera kubwera kudzationetsa okha kapangidwe ka inki ngati miyendo iwalola. Amayi musatsale, chifukwa kwathu amene amapaka bwino kuposa ine tsopano ndi mayi a kunyumba.

Moni wanga upite kwa omvera anzathu a ku Metangula, Cóbuè, Meponda, Sanga ndi Mandimba, kwa alamu anga ku Johannesburg, ndiponso kwa apongozi anga, amene mbewu yawo ndinabweza yonse ndi kachigoba kapamwamba.